Koloko ya Bambo

Lachiwiri m'mawa, pachipatala chachikulu cha Chipata,
mayi Mshanga anayala pepala loyera patebulo
nati, "Bambo Daka, tijambulireni koloko.
Mivi iloze leveni koloko, itapitirira mphindi khumi."

Ndinafuna kuseka.
Munthu uyu anatha zaka makumi atatu pakhonde ku Kapata,
kagalasi kali padiso,
akutumbula mawotchi a tauni yonse:
a aphunzitsi, a apolisi, a oyendetsa mabasi a ku Lundazi.
Nthawi ikadwala, inkabwera kwa iye.

Bwalo anazunguliza bwinobwino.
Kenako manambala anaunjikana mbali imodzi
ngati mbuzi zousa mvula.
Thwelofu kawiri. Seveni palibe.
Mivi anaiika kunja kwa mpanda,
nandicheukira: "Enelesi, ana adya?"
Enelesi ndi mlongo wawo.
Tinawaika ine ndili giredi folo.

"Ndikupatsani mawu asanu, mundisungire,"
anatero mayiwo.
"Khasu. Mchere. Njanji. Chipewa. Bango."
Bambo anawalandira mwaulemu, ndi manja awiri,
koma thumba linali lobooka.
Atafunsidwa, anabweza mchere wokha.
Ine pambali ndinkawerenga chamumtima.
Ndinapeza anayi.
Lachisanu linandithawa,
ndipo thukuta linatsika kumsana kwanga, mu Juni.

Kwathu ku Mchini nkhani anaimaliza kale.
Chiwapezereni mbandakucha m'mbali mwa Lunkhwakwa,
opanda nsapato, akufunafuna benchi lawo,
akuti anagwa paulendo wa usiku.
Ana oyandikana nafe saloledwanso kutola mango pakhomo pathu.
Ndinamuuza mayi Mshanga zimenezi.
Sanadabwe. Anangoti, "Ndi matenda a ubongo.
Ndinu banja lachisanu ndi chinayi kundiuza zaufiti mwezi uno."

Magazi anawathira m'timabotolo titatu.
Sanalembe dzina, analemba nambala.
Akuti tipita ku Lusaka m'bokosi lozizira,
kukafufuza mapazi a matendawa,
chifukwa amayamba kuyenda m'munthu mwakachetechete,
zaka zambiri asanagogode.
"Ochiritsa sitinawapeze, sindikunamizani.
Tikuphunzira kumva chiswe denga lisanagwe."

Kenako anatembenukira kwa ine,
nandimanga lamba pamkono, napopa.
Magazi anga akuthamanga.
Chepetsani mchere. Yendani pansi. Yezetsani shuga.
Makutu akayamba kugontha musanyozere.
Musamakhale nokha masiku ambiri.
Zinthu wamba, zotsika mtengo,
moti ndinakwiya nazo pang'ono.
Ndinkafuna jakisoni.

Ndinasaina kuti atengenso anga.
"Mukawapeza mwa ine, mudzandiuza?"
"Kupima kwake sikunakhwime," anatero.
"Koma kukadzakhwima, mudzafuna kudziwa?"
Ndinayang'ana pawindo.
Phiri la Kanjala linali phee,
njinga zikutsika ndi matumba a makala.
Mpaka lero sindinamuyankhe.

Tikutsanzika, bambo anagwira dzanja la mayiwo,
osalisiya.
Ndinati ndipepese, koma anali atalikweza kukhutu,
maso ali chitsinzire.
"Iyi ikutsalira. Yamwa madzi."
Anaivula, naitsegula ndi chikhadabo,
nauzira kamodzi, napukuta ndi nsonga ya shati,
zala zikuyenda zokha
ngati sizinamve kuti mwini wake akudwala.

Pafomu panalibe bokosi la zimenezo.
Mayi Mshanga anasanthula masamba onse anayi,
kenako analemba m'mphepete, ndi zilembo zing'onozing'ono.

Usiku ndinakhoma chitseko, kiyi ndinaika m'chitenje.
Bambo anagona atagwira wotchi yawo yakale
imene imati kota thu sikisi chaka chonse.
Ine tulo ayi.
Khasu, mchere, chipewa, bango.
Khasu, mchere, chipewa, bango.
Tambala wa kwa a Sakala atalira kachiwiri
linabwera lokha, osaitanidwa:
njanji.
Ndinalinena mokweza mumdima.
Kuchipinda kwina bambo anayankha,
"Lowani, yatha kale. Ndi faifi kwacha."